Impso ya Vitalis

Lachiwiri, 11 Julaye 2023

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi la pafupi ndi zenera losatsekeka bwino. Mlamu wanga Ethel wandigulira kope ili pageti pamodzi ndi sopo ndi beseni, akuti tizilembamo mankhwala kuti tisasokoneze. Ndizilembamo zimenezo ndi zina.

Ndakhala ndikutsokomola chifuwa chouma chibwerereni kumaliro. Chimene chandibweretsa kuno ndi mpweya. Dzulo ndinalephera kumaliza chiganizo pamaso pa ana a Fomu 3, ndinachita kugwira bolodi. Kachipangizo kopanira chala koyeza mpweya kaonetsa 84. Nesi anakasunthira chala china, ngati chala choyambacho chimanama. Kanaonetsa 83. Andiika timapaipi ta mpweya m'mphuno.

Dokotala wachinyamata wolemba mbiri anafunsa ngati ndimamwa ma ARV. Ndinati ayi, ndimamwa mankhwala otsitsa chitetezo. Anaimitsa cholembera. Ndinamuonetsa chipsera cha m'munsi mwa mimba, kumanja, n'kumuuza kuti impso ili pamenepo si yanga, ndi ya mlongo wanga Vitalis, anandipatsa ku India mu Meyi chaka chatha. Anafunsa ngati mwini wakeyo ali bwino.

Anayankha ndi Ethel. "Tawaika m'manda mwezi watha. Ndi amuna anga."

Lachitatu, 12 Julaye

Andijambula m'chifuwa. Atenga magazi. Makhololo anachita kuwakakamiza ndi nthunzi ya mchere, kuti akayeze TB. Kiriyatinini, nambala yosonyeza mmene impso ikusefera magazi, ali pa 118. Wanga wa masiku onse ndi 110. Vitalis akugwirabe ntchito yake.

Ethel sayenera kukhala pano. Akadali m'zovala zakuda, ndipo kwathu ku Nsanje namfedwa sayendayenda msanga chonchi. Koma wayala mkeka pansi pa bedi langa ngati magadiyani ena onse, ndipo mwana wawo Ella wamusiya kwa anansi ku Chimwankhunda.

Wabwera ndi foni ya malemu, galasi lake long'aluka pakona pamene inagwera pamsewu, lole itagunda kabaza amene anakwera pa Ginnery Corner. Vitalis anaitchera kuti izilira 8 koloko m'mawa ndi 8 koloko madzulo, nthawi yanga ya mankhwala. Ikalira amandiimbira, ngakhale ali pansi pa galimoto kugalaja. "Achemwali, mwamudyetsa walendi wanga? Asadzandidandaulire." Impso yake ankaitcha walendi. Foniyo imalirabe. Ethel sanaizimitse, ine sindinamuuze kuti aizimitse.

Lachinayi, 13 Julaye

TB palibe. Kwabwera dokotala wa impso, mayi wamfupi wolankhula mosathamanga, amene manesi amangowatchula a Dokotala Vanessa. Anakweza chithunzi cha m'chifuwa mwanga chapazenera. Mapapo onse awiri ayera mbuu, ngati phiri la Soche tsiku la chiperoni.

Akuti ndi chibayo chotchedwa PCP. Kachilombo kake sikavuta munthu wa chitetezo chokwanira, kamadikira anthu ngati ine. Anakhala pamphepete pa bedi.

"Mayi Zione, mankhwala amene amanga thupi lanu manja kuti lisamenye impsoyi ndi omwewo alimanga manja pamaso pa kachilomboka. Tiyenera kumasula dzanja limodzi."

Dongosolo lake: mwa mankhwala anga otsitsa chitetezo, mayikofenoleti ndisiyiretu. Takirolimasi atsike kuchoka pa 3 mg kufika pa 2 mg, kawiri pa tsiku. Bakitirimu mapilitsi anayi katatu pa tsiku kwa masabata atatu. Peredinisoloni 40 mg m'mawa ndi madzulo. Mkodzo wonse uziyezedwa m'jagi.

Ndinafunsa za impso.

"Ikhoza kupirira, ikhozanso kukanidwa. Bakitirimu wochuluka chonchi naye saikomera mtima. Sindikunamizani. Koma mapapo tilibe makina owalowera m'malo kwa zaka. Impso tili nawo."

Ndinafunsanso ngati ndinakatengera kumaliro. Chibwerereni ku India sindinkalowa m'gulu popanda masiki. Ndinalowa nayo m'nyumba ya siwa, mmene amayi tinadzazana mpaka pakhomo, mazenera otseka chifukwa cha mphepo ya Juni. Azakhali anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu, "Vula chinsalucho, mwanawe. Mlongo wako sakununkha." Ndinavula. Munthu sungalire mlongo wako kukamwa kuli kophimba. Ndinagona mmenemo mpaka tsiku loika.

A dokotala anati kachilomboka kali paliponse, mwina kumaliro, mwina m'minibasi ya ku Limbe, mwina m'kalasi. Anayankha mwachifundo. Ndikanakonda akanangoti inde, kuti ndikhale ndi poloza chala.

Lachisanu, 14 Julaye

Mpweya 88 ndili pa timapaipi. Thupi kutentha 38.4. Mkodzo wa dzulo malita awiri osakwanira pang'ono.

Pabedi loyandikana ndi langa pali Abiti Mikaili, ogulitsa tomato mumsika wa Limbe, odwala mtima, miyendo yotupa ngati mitondo. Aona Ethel akukweza jagi poyera, diso limodzi atatsinzina.

"Aa, inu anamfedwa, mukuyeza ngati mafuta ophikira a pa oda. Mukagulitsa kuti?"

Ethel waseka, koyamba chimwalirireni amuna ake. Kenaka anawafotokozera kuti impsoyo ndi ya malemu amuna ake. Abiti anati, "Basi bambowo ndi olimbikira. Ena akamwalira amapuma, awa akadali pa shifiti."

Ethel ndi amene anakana kwambiri za impsoyi poyamba. Ndinamumva ndekha ali kukhitchini kwanga akuuza Vitalis kuti, "Mukakafera patebulo kumeneko, Ella ndidzamuuza chiyani?" Sindinamuimbe mlandu, ndipo sitinakambepo. Lero ndi iyeyo akunyamula jagi ndi manja awiri kuti lisatayike ngakhale dontho.

Mankhwala a impso ndi anga ogula, amakhala m'chikwama chimene Ethel amatsamira. Madzulo foni italira, anatulutsa takirolimasi yekha monga anenera a dokotala. Ndinayang'ana m'dzanja langa, munali mopepuka. Ndinati, "Alamu, ndipatseni ndi winayo."

"Si aletsa?"

"Mmodzi yekha. Kuti walendi asadabwe."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anandipatsa.

Loweruka, 15 Julaye

Bakitirimu amachititsa nseru. Phala ndadya masipuni ochepa. Ndinabwera ndi mabuku awiri, koma buku likulemera, ndipo mizere ikusambira. Moyo wanga wonse ndathawira m'mabuku, pa imfa ya bambo, pa kutha kwa banja langa, pa zaka za dayalisisi, pamene makina ankandisefera magazi ndisanapite ku India. Ulendo uno chitseko chimenecho sichikutseguka.

Mayikofenoleti ndamwanso m'mawa ndi madzulo. Ndikudziwa zimene ndikuchita. Ndaphunzitsa ana zaka zambiri kuti ufa wa m'thumba limodzi sungauphike kawiri. Koma foni ikalira ndimamva mawu ake.

Lamulungu, 16 Julaye

Amayi afika kuchokera ku Nsanje ndi basi ya m'mawa, atanyamula masawu m'kathumba ndi mlamba wouma umene sindiloledwa kudya chifukwa cha mchere. Achepa thupi. Tsitsi limene anameta pamaliro layamba kumera loyera lokhalokha.

Sanandipatse moni. Anakhala pabedi, anapinda bulangete, anaika dzanja pachipsera.

"Vita, ndabwera. Ukhale bwino mmenemo. Usavute mwini nyumba."

Analankhula naye kwa kanthawi, za mbuzi yake imene yaswa, za denga la kukhitchini limene analonjeza kukonza. Ine ndinangogona ngati khoma limene anthu awiri akulankhulirana. Sindinadandaule. Ndikanatha kupinda msana ndikanaikapo khutu langa.

Amayi a kutchalitchi anadutsa m'wodi akuimba. Abiti Mikaili, Msilamu, anawaitana kuti awapempherere nawonso. "Pano sitisankha, amene ayankhe msanga ndi yemweyo." Masawu ambiri adya ndi iwo.

Mpweya 86. Kiriyatinini 140.

Lachiwiri, 18 Julaye

Kubafa sindikufika. Mpweya 79. Achotsa timapaipi, andiika chophimba kumaso cha thumba, cholumikiza ku silinda. Andisamutsira m'kachipinda ka pambali.

Kulemba kukutopetsa.

Lachisanu, 21 Julaye

Ndilembe za Lachitatu, poti lero dzanja likulola.

A Dokotala Vanessa anabwera ndi gulu lawo, anaima kumiyendo kwa bedi akuwerenga faelo, akudabwa kuti sabata yatha koma sindikusintha. Anayamba kukamba zoti mwina pali kachilombo kena kachiwiri, mwina nkhungu, ndi zoti magazi atumizidwe kunja. Ethel anadzuka pamkeka, anatsegula chikwama, anatulutsa bokosi la mayikofenoleti n'kuliika pa faelo.

"Adokotala, awa akumwabe. Ndimawapatsa ndine. Atengeni, asakhale ndi ine."

A dokotala anatsegula bokosilo, anaona mabowo a mapilitsi, analitseka. Sanakalipe. Anauza ophunzira awo kuti atsogole, n'kundifunsa chifukwa. Ndinali ndi chophimba kumaso, ndinangoloza pachipsera.

"Ndamva," anatero. "Sindinganene kuti ndi mapilitsiwa okha akuchedwetsani, chibayo ichi chimayamba chakula chisanatsike. Koma mukapitiriza, mudzapita nayo kumanda impsoyo ili yamoyo. Sindikuganiza kuti anakupatsirani zimenezo."

Atatuluka ndinatembenukira kukhoma. Ethel anaviika kansalu, anayamba kundipukuta m'khosi. Ndinamukankha dzanja, mphamvu zake zinali za mwana wakhanda.

"Kwiyani, alamu," anatero. "Inenso ndimafuna akhale. Ndikamakhuthula jagi lija ndimati bambo a Ella adzuka bwino lero. Koma dzulo milomo yanu inada ngati mmene inadera yawo kumochale. Impso siidzapita kusukulu kukaonana ndi aphunzitsi a Ella. Siidzamulangiza akadzakula. Kwanu mwana ndi wa kuchimuna, mwatsala ndinu."

Ndinafuna kulira. Ndinalibe mpweya.

Loweruka, 22 Julaye

Mpweya 90 pa silinda. Kutentha kwatsika. Kiriyatinini 205. Mchere wa potaziyamu wakwera m'magazi, aletsa nthochi, mapeyala, tomato ndi mbatata.

Abiti Mikaili atulutsidwa. Anabwera pakhomo la kachipinda atatsamira mwana wawo, phava la nthochi m'manja. Nesi anawabweza nalo.

"Ndiye matenda anu ndi a ulemu, aphunzitsi, okana ndi nthochi zomwe. Mukachira mubwere ku Limbe, mudzandipeza pa shedi ya tomato. Musadzagule, mudzangondionetsa nkhope." Anakweza mawu pang'ono, akuyang'ana pamimba panga. "Nanunso bambo, limbikirani."

Wodi ndikuimva patali tsopano: mawilo a tirole, mabeseni, kulira kwa gadiyani wina m'bandakucha, kenaka nyimbo ya amayi operekeza mtembo m'khonde. Ethel amapita kukaperekeza nawo aliyense, ngakhale sakumudziwa. Akuti ndi mmene magadiyani amachitira.

Lolemba, 24 Julaye

Abwezeretsa timapaipi ta m'mphuno. Ndakhala tsonga pampando. Ndadya mpunga ndi kabichi wowiritsa.

Mkodzo wa dzulo 900 ml. Ethel anayeza kawiri.

Lachitatu, 26 Julaye

Kiriyatinini 340. Pachipsera patupa ndipo pakuwawa ndikakhudza, ululu wozama ngati dzino. Mapazi ayamba kutupa. Ajambula impso ndi makina a pamimba, akuti yakula, magazi sakuyendamo bwino. Achepetsa bakitirimu kuti agwirizane ndi mphamvu ya impso.

A dokotala akuti zikuoneka kuti thupi laizindikira. Ndi mawu amene anagwiritsa ntchito. Chaka chonse ndi miyezi thupi langa linali m'tulo, osadziwa kuti m'nyumba muli mlendo. Talidzutsa kuti lithamangitse wakuba, ndipo layamba ndi mlendoyo.

Ine ndi Vitalis tinayamwa bere limodzi. Ndinamubereka kumbuyo popita kumadzi, ndinamuphunzitsa kulemba dzina lake pamchenga. Magazi anga sakudziwa zimenezo, ndipo palibe njira yowauzira.

Ayesa jakisoni wamphamvu wa m'diripi kwa masiku atatu. Mankhwala oposa pamenepo alipo, koma akuti mapapo anga sangawapirire.

Loweruka, 29 Julaye

Jakisoni watha. Kiriyatinini 510. Mkodzo 300 ml, wakuda ngati tiyi wopanda mkaka.

Mpweya 94. Ndayenda mpaka pazenera la m'khonde ndekha. Kunja kuli dzuwa, magadiyani ayanika zitenje pa udzu, munthu wina akugulitsa chinangwa pa waya. Ndinapuma mpweya wonse mpaka pansi pa chifuwa, koyamba mwezi uno, ndipo ndinachita manyazi kuti ukukoma.

Ethel wapita ku Chimwankhunda kukaona Ella. Wabwera ndi uthenga wakuti ndichire msanga chifukwa masamu a anansi ndi olakwika.

Lolemba, 31 Julaye

Ndasanza kawiri. M'kamwa mukumveka chitsulo, kukoma kumene ndinakuiwala. Kiriyatinini 720, potaziyamu 6.3. Mkodzo sunafike pa mzere woyamba wa jagi.

A Dokotala Vanessa anabwera okha. Mawa andiika paipi m'khosi, ndibwerera pa dayalisisi. Kawiri pa sabata, monga kale. Anati pepani. Ndinati ayi, mwandipulumutsa, ndipo ndi zoona, koma mawuwo anatuluka ngati ndikuwerenga pa bolodi.

Ethel anatsuka jagi ndi sopo, analipukuta, analibweza kwa nesi. Nesi anati likhalebe, mwina lifunika. Ethel anati, "Mulisunge ndinu."

Lachitatu, 2 Ogasiti

Dayalisisi yoyamba inali dzulo. Chipinda chomwe chija, kulira kwa makina komwe kuja. Awiri mwa odwala akale anandizindikira. Bambo wina wa ku Chinyonga amene tinkakhala moyandikana anati, "Aphunzitsi, tinkakutchulani tikafuna kulimbitsana mtima." Anandisunthira pilo wake.

Mutu wapepuka lero, mapazi aphwa. Mpweya 96 popanda timapaipi. Bakitirimu wamphamvu atha mawa, kenaka wochepa wongoteteza. Takirolimasi apitirira pang'ono chabe, kuti impso isatupe pamene ikuzima, ndipo adzamusiyitsa pang'onopang'ono.

Madzulo foni inalira. Ethel anaigwira m'manja osaizimitsa, inalira mpaka inatopa yokha. Pagalasi long'alukalo pamalembeka mawu amene Vitalis anaikapo: Achemwali mankhwala.

"Ndifufute?" anafunsa.

Ndinati sanalembe kuti impso, analemba kuti achemwali, ndipo mankhwala akadalipo ambiri. Ethel anaibweza m'chikwama. Kenaka analira, ndipo ulendo uno ndinali ndi mpweya womulirira nawo.

Lachisanu, 4 Ogasiti

Akuti Lolemba ndikhoza kutuluka.

Amayi anabweranso. Ethel anali atawauza pafoni, koma anafuna kumva okha kwa dokotala. Anadikira pabenchi m'mawa wonse, chitenje chakuda atafunda kumutu. A Dokotala Vanessa atalowa, amayi anaimirira, anapinda maondo.

"Adokotala, ndifunse nawo. Poti yafa, muichotsa liti? Tikufuna tikaiike kumene kuli mwini wake. Anapita wosakwanira mwana uja, anthu akhala akunena."

A dokotala anawakhazika pansi. Anati nthawi zambiri saichotsa. Ikapanda kuvuta imangofota, n'kukhala kanthu kakang'ono, thupi n'kuikuta. Kung'amba munthu amene wangochira chibayo kuti aitulutse ndi ngozi yopanda phindu.

"Ndiye ikhala mwa uyu mpaka kale?"

"Mpaka kale, amayi."

Amayi anagwedeza mutu. "Takhuta," anathokoza m'Chisena chawo chimene chimatuluka akatopa. A dokotala anatuluka.

Anabwera pabedi, anapinda bulangete monga tsiku lija, anaika dzanja pachipsera. Ndinkayembekeza nkhani za mbuzi. Sanazinene. Ananena mawu omwe ananena pamanda asanaponye dothi, akuti ugone, mwanangu, ntchito wagwira, usatembenuke. Ethel anagwada pamkeka. Palibe anaimba.

Dzanjalo linakhala pamenepo nthawi yaitali, lotentha, lokhakhala ndi khasu. Kenaka linanyamuka, linadutsa pamimba, linadzakhala pachifuwa panga, pansi pa bandeji ya paipi. Linakwera ndi kutsika, linakwera ndi kutsika. Amayi anali kumvetsera ndi chikhato.

Anandiyang'ana kumaso, koyamba chiikireni maliro.

"Zione," anatero, "iweyo wadzuka bwanji?"